Chinkhwe, Mleme ndi Bango Lopapatiza

Ambiri amalakwitsa liwu loti "uthenga". Uthenga si zonse zimene wamva. Ndi chokhacho chimene mnzako sanamve.

Padangotero, Chinkhwe ndi Mleme ankalimbirana ntchito yotumiza zigamulo za bwalo la nyama kutsidya kwa mtsinje, polankhulira m'bango lalitali lopapatiza. Chinkhwe, podalira pakamwa pake, analakatula milandu yonse liwu ndi liwu mpaka mawu anasasa.

Mleme, mwini makutu aakulu, anangofunsa kuti, "Akutsidya inu, mlandu wa Khwangwala munaumva?"

"Tinaumva kale!"

"Nanga wa Fisi?"

"Umenewo ayi, achimwene."

Mleme anawafotokozera wokhawo.

Bwalo litasankha Mleme, Chinkhwe anafuna kuchita apilo, koma mawu anali atathera m'bango. Mleme analandira ntchitoyo Lachitatu, pa 9 Meyi 1962.