Thanki Yopanda Nsomba

"Alamu, mukudyetsa ndani?" Aziz anafunsa ataima pakhomo, ndowa ya tinsomba ta mbuna ili m'manja.

Nasra sanacheuke. Anapitiriza kuwaza chakudya cha nsomba m'thanki yagalasi, momwe munali madzi ndi miyala basi.

Thankiyo anaibweretsa ndi mwamuna wake Yunus, mkulu wake wa Aziz. Wogulitsa anamulangiza kuti asapupulume: azithira kachakudya m'madzi opanda nsomba masiku makumi anayi, pampu ikuyenda, mpaka muswane tizilombo tosaoneka toyeretsa madzi. Apo ayi, nsomba zidzafa. Yunus anatola miyala ku Bandawe n'kuyambapo. Tsiku lachitatu, bwato lomwe anakwera pokagula usipa linagubuduzika ndi mwera. Thupi lake silinapezeke.

"Masiku aja akwana, alamu, ndipo sadaka tachita dzulo. Tiikemo nsombazi, muleke kudyetsa madzi. Anthu ayamba kulankhula."

"Musaikemo. Ziwalanda chakudya."

"Zilanda ndani?"

"Ndikathira m'mawa, pofika masana mulibe ngakhale kanyenyeswa."

Aziz anaseka mokakamiza. "Imeneyo ndi pampu, imayamwa zonse. Achimwene anandionetsa."

Nasra analoza pansi pa tebulo. Chingwe cha pampu chinali chokulungidwa bwinobwino, fumbi lili mbuu.

"Ndinachizula tsiku lomwe anamira," anatero. "Phokoso la madzi linkandisowetsa mtendere."

Aziz anasuzumira m'thanki muja. Chakudya chomwe anaona chikuwazidwa chinali chitatha kale.

Ananyamula ndowa yake n'kukabweza timbuna tija m'nyanja.