Chilonda cha Rhoda ndi mtedza wa Dainess

Panali mayi wina ku Chipangali, dzina lake Magalita, zaka zija amuna ankathera ku Halale kukagwira ntchito. Mwamuna wake atapita konko, anatsala ndi mwana mmodzi, Rhoda. Amene ankayang'anira Magalita anali mlamu wake Dainess, wompatsako mchere ukamuthera, womusenzetsa mtsuko kudambo. Magalita ankamukhulupirira ngati mayi womubala.

Rhoda anadzibaya ndi chitsa pamwendo, bala nkusanduka chilonda. Mphunzitsi wa katekisimu, a Alfonsi, atachiona anati apite naye msanga kuchipatala ku Foti Jemusoni, ndipo anadzipereka kumukweza panjinga. Magalita anakafunsa mlamu wake.

Inali nyengo yokumba mtedza. Dainess anali ataitana dima, anthu odzamuthandiza kumunda, ndipo pa khasu panalibe wofanana ndi Magalita. Dainess anamukhazika pamphasa namuuza mofatsa kuti matenda amabwera okha nkuchoka okha, wochira amachira ali pakhomo, wolumala amalumala ngakhale umuthamangitsire kwa azungu.

"Inu amake Rhoda, ndinu ndani kuti musinthe zimene Mulungu anakonza? Mangani masamba, tikumbe mtedza."

Mtima wa Magalita unakhala pansi, poti ngati palibe chimene angachite, palibenso chomuimbira mlandu. Anabweza a Alfonsi ndi njinga yawo. Anakumba mtedza wa mlamu wake, nathandiza kuuthothola mpaka kuuthira munkhokwe.

Chilonda chitayamba kununkha, a Alfonsi sanafunsenso, anangobwera ndi njinga. Kuchipatala, wotsuka mabala anapukusa mutu, nati chafika pafupa, mwanayu azitsimphina moyo wake wonse. Atamva mudzi umene achokera, anadabwa. Anati mwezi wathawu kunabwera mayi wa konko, Dainess, ndi mwana wake ali ndi kabala kochepa ngati chikhadabo, ndipo kanapola.

Magalita anakumbukira tsikulo. Dainess anati akukagula mchere, ndipo pobwera anamugawirako.

Atafika kumudzi, Magalita anaima pakhomo pa mlamu wake.

"Alamu, mwana wanu uja Mulungu sanamukonzere?"

Dainess anangoyang'ana kunkhokwe.

Phunziro: Wokuuzani kuti palibe chimene mungachite pa matenda, yambani mwaona zimene amachita akadwala wake. Kupemphera sikuletsa kunyamula mwana kupita naye kuchipatala. Tumizani nkhaniyi kwa mayi mnzanu amene akuzengereza lero.