Shona Sakufa Lero

Makamera a situdiyo yathu ku Melbourne anandizungulira, thupi lonse atandimata timipira tojambulira mayendedwe.

"Chipolopolo chakupeza, Narelle. Igwa!" anakuwa Lachlan, wotsogolera ntchito yopanga gemu ya pakompyuta.

Sindinagwe.

Theka la osewera linkatukwana Shona, msilikali wamkazi wa m'gemumo amene analowa m'malo mwa ngwazi yawo yandevu. Mabwana anagamula kuti afe m'gemu yotsatirayi. Koma Shona ndine, poti mayendedwe ake amawajambula kwa ine: liwiro lake, nkhonya zake, ngakhale kutsimphina kwake n'kwa bondo langali.

"Iwe, ndi gemu chabe. Ukufuna ntchito ikuthere?" anatero Lachlan.

"Ithe. Igwa ndiwe, ndi chimimba chakocho sungavulale."

Ndinakunga chibakera, n'kuponya phazi kutsogolo. Pa sikirini yaikulu, Shona nayenso anayamba kuyenda.