Mawondo a Mwala

"Mawondowa ali pamtunda, bambo Yesaya," anatero wapampando wa chipani m'mudzimo, akuloza ndi ndodo mwala umene Yesaya ankasema. "Lamulo la kavalidwe mukulidziwa. Muuveke mwalawu, apo ayi muuphwanye lero lomwe."

Yesaya anaika tchizulo pansi. Msana unkamuwawa, fumbi la mwala lili mbuu m'nsidze. Chibwerereni ku Rodeshiya, kumene anaphunzira kusema pakati pa Ashona pa famu ya fodya, anali atasemera aliyense: mitanda ya kumishoni, zilembo za Chiarabu pamanda a asodzi a ku Chipoka, mvuu za azungu a kuhotela. Koma uwu wokha, wa mayi atakweza nsalu akutsuka mbale m'nyanja, anadzisemera yekha. Mayiyo anali Lena, mkazi wake, amene anamwalira dzinja lapitalo.

"Komatu ndi mwala, awapampando."

"Ine ndangotumidwa, achimwene. Nanenso zanditopetsa," anayankha mkuluyo, maso ali kumbali. "Akabwera anyamata a chipani aja safunsa."

Yesaya anayang'ana nyundo, kenako analowa m'nyumba. Anatuluka ndi chitenje cha malemuyo, chobiriwira, chong'ambika m'mphepete. Anagwada movutikira, nachikulunga m'chiuno mwa mwalawo, n'kupisa nsonga kumanzere monga ankamangira mwini wake.

"Basi, zatheka," anatero wapampando, nakwera njinga yake.

Yesaya anatsala chigwadire. Miyezi yonse ija analimbana nawo mwalawo kuti ufanane ndi Lena, koma osatheka. Tsopano unafanana naye kwambiri moti analephera kuuyang'ana, anangokhala pansi choufulatira.