Ndakatulo Zomatira Mazenera

"Mwawerenga, alamu?" anafunsa Thirza ali kuseri kwa chitseko cha chipinda chake, chimene sanatulukemo zaka zambiri. Dzulo lake anapatsa Dorcas ndakatulo zake zonse, koyamba kuonetsa munthu.

"Mapepala abwino zedi, okhuthala," anatero Dorcas, manja ali phala lokhalokha. "Ndamatira m'mipata ya mazenera. Chisanu cha kuno ku Vermont sichiseka ndi munthu. Kani mumati ndiwerenge? Nthawi yake ndiipeze kuti ine?"

Thirza anatuluka. Pa zenera la pabalaza anazindikira mzere wake umodzi utazondoka, inki itasungunuka.

"Tidzapalapo chisanu chikatha, musadandaule."

Thirza anayika dzanja pa zenerapo. Mphepo sinkalowa ngakhale pang'ono.