Mzere Wofiira wa pa Mpopi

Tsiku lomwe ndinkapita ku Joni, mng'ono wanga Lufeyo anagwira chingwe cha mbuzi yomwe ndinamusiyira n'kulumbira kuti, "Pitani, achimwene. Mwana aliyense wobadwa pakhomo pano adzakulira mkaka wa mbuzi imeneyi."

Ndabwerako imvi zili mbuu. Mbuzi zaswana, koma zitsime zomwe tinkamwa osapempha munthu kampani ina inazitseka ndi simenti. Madzi abwino tsopano amatuluka pa mpopi wa makina, chigubu chimodzi pa munthu, ndipo mwana amayesedwa munthu mutu wake ukafika pa mzere wofiira wa pakhoma.

Mwatitha, mwana wa Lufeyo, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma msinkhu ngati wa zaka zitatu. Zigubu za makolo ake zikatha amamwa madzi a kudambo, n'kumatsegula m'mimba. Phala lake silidziwa nsinjiro.

Lero ndinapeza mlamu wanga Nangozo akupindira Mwatitha makatoni m'nsapato.

"Alamu, mukufuna kunamiza makina?" ndinafunsa.

"Nanga nditani? Mwezi watha anangoperewera chala chimodzi."

"Mupatseni mkaka, akule!"

Lufeyo anandiyang'ana ngati mlendo. "Mkakawo ndi umene timasinthitsa ndi ufa kukampani. Inu mwabwera ndi ukali, ufa mwabwera nawo?"

Ku mpopi mwanayo anaima chilili, khosi atalitambasula mpaka misozi. Makina anakana. Mwatitha anavula yekha nsapato zija, n'kutenga kachitini kake kulowera kudambo.

Titafika kunyumba, Lufeyo anakama mbuzi zonse n'kuthira mkaka m'ndowa ya kampani. Chibadwire, Mwatitha sanaulawepo.