Dzira la Doña Amparo

"Chitseko ndinatsegula ndine," anatero Yesenia, maso ali pansi.

Anali kwa mlangizi wa anthu ovutika maganizo mumzinda wa Fresno. Amayi ake, Doña Amparo, anakhala pambali atafumbata chikwama.

"Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. M'nyumba monse wodziwa Chingerezi ndinali ndekha. Apolisi othamangitsa anthu obwera m'dziko muno popanda ziphaso anati akungofuna kucheza ndi bambo, ine n'kumasulira momwemo. Bambo anatuluka atavala patapata. Sanabwerenso."

Mlangiziyo anafunsa zomwe kwawo amachita mwana akagwidwa ndi mantha.

Yesenia anayankha, "Amamupukuta ndi dzira thupi lonse kuti manthawo alowe m'dziramo. Alongo anga awiri anawapukuta tsiku lomwelo. Ine ayi. Ndinadziwa kuti wolakwa ndine."

"Iwe sunalire, mwanawe," anatero Doña Amparo. "Ndinkayesa ndiwe wolimba."

Mlangizi anali atapempha mayiwo kuti abweretse chochizira cha kwawo. Doña Amparo anatsegula chikwama n'kutulutsa dzira lokulunga m'kansalu.

"Werama."

Yesenia anawerama. Amayi ake anayambira pamutu, pomwe imvi zinali zitayamba kale kumera.